Momwe mungasiyanitsire funso lofuna sayansi ndi funso lofuna chikhulupiriro

Mkangano wakuti pakati pa sayansi ndi chipembedzo n'chiti chimene chimayankha bwino mafunso akuluakulu a moyo umamveka m'masukulu a sekondale, m'makoleji, pa wailesi ngakhalenso pasiwa, ndipo kawirikawiri umatha aliyense atangoumirira pamene anayambira. Chimene chimalakwika n'chakuti anthu amaunjika pamodzi mafunso osiyana kwambiri, n'kumafuna kuti mbali imodzi iwayankhe onse. Funso lakuti dziko linayamba liti, lakuti n'chifukwa chiyani mwana wanga wamwalira, ndi lakuti ndimukhululukire m'bale wanga kapena ayi, onsewa ndi aakulu, koma safuna umboni wa mtundu umodzi. Malangizo otsatirawa ndi a munthu amene akufuna kuganiza mofatsa, kaya ndi Mkhristu, Msilamu, wotsatira chipembedzo cha makolo kapena wosapembedza konse, kuti funso likamusowetsa tulo adziwe khomo loyenera kugogoda.

Ligaweni kaye funsolo

Musanathamangire kwa abusa, kwa shehe, kwa dokotala kapena kwa mphunzitsi, lilembeni funso lanu papepala ndipo muone ngati mkati mwake simunabisale mafunso ena. Nthawi zambiri mumapezeka atatu: lofuna kudziwa mmene chinthu chinachitikira, lofuna kudziwa tanthauzo lake, ndi lofuna kudziwa choyenera kuchita tsopano.

Zimene zinachitika m'boma la Neno mu Januwale 2016 zikusonyeza kuopsa kosakaniza mafunso atatuwa. Mtsikana wina anamwalira atawombedwa ndi mphenzi, ndipo anthu okwiya anapha okalamba anayi powaganizira kuti ndiwo anaitumiza. Funso la mmene imfayo inabwerera lili ndi yankho lodziwika: mphenzi ndi mphamvu ya magetsi imene imaunjikana m'mitambo ya mvula yamabingu, ndipo ikamatsikira pansi imakonda kugwera pa chinthu chachitali, monga mtengo woima paokha kapena munthu amene ali pamtetete. Yankho limeneli limapulumutsa moyo, chifukwa munthu akalidziwa sausa mvula pansi pa mtengo. Funso lachiwiri, lakuti n'chifukwa chiyani anafa ndi mwana ameneyu osati wina, ndi kulira kwa mtima wosweka, ndipo palibe chipangizo choyezera chimene chingalitonthoze. Funso lachitatu, la choyenera kuchita, malamulo a dziko ndi zipembedzo zonse zikuluzikulu zimaliyankha mofanana kuti usaphe, ndipo lamulo la mu 1911 lokhudza ufiti limaletsa ngakhale kumutchula munthu kuti ndi mfiti. Ku Neno chisoni chofuna tanthauzo chinapatsidwa yankho longa la funso loyamba, kuti pali munthu amene wachititsa, ndipo mwazi wa anthu osalakwa unakhetsedwa.

Funsani chimene chikanaoneka yankholo likanakhala labodza

Mukaligawa funso, tengani gawo lililonse n'kudzifunsa kuti, yankho limene ndapatsidwali likanakhala labodza, tikanaona chiyani? Ngati pali chinthu chimene munthu angachiyeze, kuchiwerenga kapena kuchidikira n'kuchiona, ndiye kuti gawo limenelo ndi la sayansi, ngakhale amene walankhula atakhala mtsogoleri wa mpingo. Ngati palibe kuyeza kulikonse kumene kungalitsimikize kapena kulitsutsa, monga funso lakuti Mulungu aliko kapena lakuti moyo wa munthu uli ndi cholinga, gawo limenelo lili kunja kwa sayansi, ngakhale amene walankhula atakhala pulofesa.

Malo amene muyezo umenewu umafunika kwambiri ndi pa nkhani ya machiritso, ndipo apa ndi pamene ndikupemphani kuti musanyengerere aliyense. Mu 1995 anthu zikwizikwi anakhamukira m'boma la Machinga kukamwa mchape wa Billy Goodson Chisupe, amene ankanena kuti anaonetsedwa m'maloto mankhwala a Edzi. Anthu anapita chifukwa panthawiyo chipatala chinalibe chowapatsa, ndipo sitiyenera kuwaseka. Komabe mawu akuti mchape ukuchiza Edzi anali oyezeka, ndipo imfa sizinaleke. Zinayamba kuchepa boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004. Mu 2010 chikuku chitabuka m'dziko muno, panali makolo a mipingo ina amene anakana kuti ana awo abayidwe katemera, pamene katemera wa chikuku anali atayesedwa kale kwa zaka zambiri m'mayiko ambiri n'kupezeka kuti amateteza.

Choncho munthu akakupemphererani n'kunena kuti mwachira, landirani pempherolo ngati mumakhulupirira, koma musasiye mankhwala. Pitani tsiku lanu la kuchipatala monga mwa nthawi zonse ndipo muwauze achipatala zimene mwauzidwa. Pali msampha wina umene ambiri amagweramo: munthu amene akumwa ma ARV mokhulupirika amatha kuuzidwa kuti tizilombo sitikuoneka m'magazi mwake, ndipo ena amatenga zotsatira zimenezi ngati umboni wa chozizwitsa. Tizilomboto timakhala titabisala m'thupi, mankhwalawo ndi amene akutipondereza, ndipo akangosiyidwa timachulukanso, nthawi zina titasiya kumva mankhwala omwewo. N'chimodzimodzi ndi matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi ndi khunyu: kumva bwino m'thupi kwa masabata angapo sikutanthauza kuti matenda atha. Mwana akatentha thupi, kamuyezetseni malungo tsiku lomwelo, pemphero lichitike muli panjira.

Aliyense wokuuzani kuti kumwa mankhwala ndi kuchepa kwa chikhulupiriro mumukumbutse mbiri ya mipingo ya dziko lino. Robert Laws, amene anafika kuno mu 1875 ndi mishoni ya Livingstonia, anali m'busa komanso dokotala. Zipatala za Nkhoma, Malamulo, Ekwendeni, Mulanje Mission ndi St Luke's ku Malosa zinamangidwa ndi anthu opemphera, ndipo mpaka lero m'mawa amapemphera, kenako n'kuyamba kuyeza odwala ndi kuchita maopaleshoni.

Pa za chiyambi cha dziko ndi munthu

Ophunzira ambiri amasokonezeka pamene zimene amva m'kalasi ya bayoloje Lachisanu zikuoneka kuti zikutsutsana ndi zimene amva ku Sande sukulu kapena ku madrasa. Njira yake ndi yomweyo, kuligawa funso. Zaka za dziko ndi nkhani yoyezeka. Uranium, mtundu wa chitsulo chopezeka m'miyala, yemwe mgodi wake uli ku Kayelekera m'boma la Karonga, amasanduka mtovu pang'onopang'ono pa liwiro lodziwika, ndipo poyerekeza kuchuluka kwa ziwirizi m'miyala yakale asayansi amapeza kuti dziko lapansi lili ndi zaka pafupifupi 4.5 biliyoni. Umboni wina tili nawo pafupi. Mu 1991, ku Uraha m'boma lomwelo la Karonga, ofufuza otsogozedwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage anapeza chibwano cha munthu wakale chimene chimawerengeredwa zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, ndipo kumalo osungirako zakale a pa boma la Karonga mungathe kuona mmene mafupa a chinyama chachikulu chotchedwa Malawisaurus analili. Ngati muli ndi mwayi, pitani mukaone nokha musanatsutse kapena kuvomereza. Pa funso la zaka ndi la mmene zamoyo zasinthira, umboni wa sayansi ndi wamphamvu kwambiri, ndipo wokhulupirira amene akuukana popanda kuuwerenga akudzisenzetsa katundu amene chikhulupiriro chake sichinamusenzetse.

Koma onani chimene umboniwo sunanene. Sunanene ngati pali Mlengi kapena palibe, ndipo sunanene chifukwa chake pali chilengedwe m'malo mopanda kanthu. Munthu amene anazindikira bwino malire amenewa ndi Georges Lemaître, wansembe wa Chikatolika wa ku Belgium yemwe analinso katswiri wa masamu ndi zakuthambo. Mu 1927 iye anasonyeza kuti chilengedwe chikufutukuka, ndipo pambuyo pake anafotokoza kuti chinayamba chili chothinana kwambiri, maganizo amene lero amatchedwa Big Bang ndipo amapereka zaka pafupifupi 13.8 biliyoni. Mu 1951 Papa Pius XII analankhula ngati kuti zimenezi zatsimikiza chiphunzitso cha chilengedwe, koma Lemaître sanagwirizane ndi kusakaniza ziwirizo. Ankadziwa kuti chikhulupiriro chomangidwa pa zotsatira za kafukufuku wa chaka chino chingagwedezeke ndi kafukufuku wa chaka chamawa, ndiponso kuti masamu ake sanali ulaliki. Kale kwambiri iye asanabadwe, Augustine, bishopu wa mzinda wa Hippo kumpoto kwa Africa, amene anamwalira mu 430, anachenjeza Akhristu kuti asamalankhule zopanda nzeru pa zachilengedwe ponena kuti akuteteza Malemba, chifukwa osakhulupirira amene akuzidziwa bwino zinthuzo adzanyoza chikhulupiriro chonse.

Powerenga nkhani za chiyambi, dzifunseni kuti nkhaniyo inakonzedwa kuti iphunzitse chiyani. Makolo a Chichewa ankasimba kuti Chauta anatsitsa mwamuna ndi mkazi pa Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, ali ndi khasu, mtondo ndi lichero, ndipo mapazi awo anadinda pathanthwe. Wofunsa kuti thanthwelo linali lofewa chaka chiti waphonya nkhani yake, imene ikunena kuti munthu anachokera kwa Chauta ndipo anapatsidwa ntchito yolima ndi kudyetsa banja. Okhulupirira ambiri amawerenga machaputala oyamba a Genesis mwa njira yofanana, monga ophunzitsa za amene analenga ndi za udindo wa munthu. Ena amawawerenga monga mbiri ya masiku asanu ndi limodzi enieni, ndipo amenewa ayenera kuvomereza kuti alowa m'bwalo la zoyezeka, momwe miyala ndi mafupa zili ndi mawu.

Zindikirani pamene wasayansi wadumpha malire ake

Muyezo umene mwagwiritsa ntchito pa mlaliki muugwiritsenso ntchito pa wasayansi. Akanena kuti maganizo a munthu amadalira ubongo ndipo ubongo ukavulala khalidwe limasintha, akulankhula zimene zayezedwa. Akapitiriza kunena kuti choncho moyo ulibe tanthauzo, kapena kuti chabwino ndi choipa ndi nkhambakamwa chabe, wasiya kulankhula monga wasayansi ndipo akupereka maganizo ake monga munthu wina aliyense. Ali ndi ufulu wotero, koma chovala chake choyera sichikuwonjezera kulemera kwa mawuwo.

Sayansi imatiuza zimene tingathe kuchita, koma payokha siitiuza zimene tiyenera kuchita. Kuyambira mu 1932 mpaka 1972, ku Tuskegee m'dziko la America, ofufuza a boma anatsata amuna akuda mazana angapo odwala chindoko kuti aone mmene matendawa amawonongera thupi, ndipo sanawapatse mankhwala a penicillin ngakhale zitadziwika kuti amachiza. Ofufuzawo ankayeza ndi kulemba mosamala, chimene chinasowa chinali kuona odwalawo ngati anthu. Kuno kwathu, pamene mabishopu a Chikatolika anatulutsa kalata yawo mu Marichi 1992 yodzudzula kupondereza ndi kusowa kwa ufulu wolankhula, sanadalire kafukufuku wa mu labotale, anadalira chikhulupiriro chakuti munthu aliyense ali ndi ulemu wochokera kwa Mulungu, ndipo chaka chotsatira dziko linavota pa referendamu ya zipani zambiri.

Musafulumire komabe kunena kuti funso lililonse la chabwino ndi choipa chipembedzo chalimaliza. Ku South Africa kunali mipingo imene inateteza tsankho pogwiritsa ntchito Malemba, pamene mipingo ina inkalimbana nalo ndi Malemba omwewo. Zipembedzo zimasiyana pa zambiri, ndipo pali anthu osapembedza amene amasamalira amasiye ndi kudana ndi katangale kuposa ena opembedza. Pa mafunso a khalidwe, mverani chiphunzitso cha chipembedzo chanu, chikumbumtima chanu ndi nzeru za akuluakulu, koma mutengenso kwa sayansi mfundo zenizeni za zotsatira zake. Posankha ngati mwana wamkazi akwatiwe ali wamng'ono, mwachitsanzo, zimene achipatala amadziwa za kuopsa kobereka thupi lisanakhwime ziyenera kukhala pamaso pa aliyense wokamba za mwambo kapena chiphunzitso.

Muyeseninso woyankhayo

Yankho limabwera ndi munthu, ndipo munthuyo ayenera kuyesedwa. Mufunseni kuti, kodi n'chiyani chimene chingakusintheni maganizo? Mphamvu yaikulu ya sayansi ndi yakuti ili ndi njira yodzikonzera. Kwa zaka zambiri madokotala ankaphunzitsa kuti zilonda za m'mimba zimabwera chifukwa cha nkhawa ndi asidi, mpaka Barry Marshall ndi Robin Warren a ku Australia atasonyeza m'zaka za m'ma 1980 kuti zambiri zimayamba ndi kachilombo, ndipo mu 2005 anapatsidwa mphoto ya Nobel. Choncho mukamva kuti asayansi asintha zimene ankanena, musatenge zimenezo ngati umboni wakuti onse ndi abodza. Chipembedzo nacho chimadzikonza, ngakhale mochedwa: Galileo, wasayansi wa ku Italy, anaweruzidwa ndi bwalo la mpingo wa Katolika ku Rome mu 1633 chifukwa chophunzitsa kuti dziko limazungulira dzuwa, ndipo mu 1992 Papa John Paul II anavomereza poyera kuti oweruzawo analakwa.

Chenjerani ndi aliyense amene amakwiya mukamufunsa, amene amalonjeza yankho lotsimikizika pa chilichonse, kapena amene yankho lake limathera pa ndalama, kaya ndi madzi odalitsidwa ogulitsa kapena mankhwala a m'botolo amene akuti anayesedwa ndi asayansi osatchulidwa mayina. Uthenga woyenda pa WhatsApp wonena kuti asayansi apeza chakuti, popanda kutchula amene anapeza, malo ndi chaka, muutenge ngati mphekesera. Ulosi wonenedwa mwachisawawa moti chilichonse chochitika chingaukwaniritse nawonso sukukuuzani kanthu.

Pamene funso ndi la masautso ndi imfa

Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe, anasakaza Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi maboma ena a kum'mwera, ndipo anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa. Pa tsoka ngati limeneli sayansi ili ndi zonena zofunika kwambiri: anamondwe amabadwa pa nyanja yamchere yofunda, a zanyengo amatha kuona njira yawo masiku angapo asanafike, ndipo phiri lopanda mitengo lomangidwa nyumba m'mbali mwake limagumuka mosavuta likakhuta madzi. Aliyense wonena kuti tsokalo linali chilango chabe, n'kusiya kulankhula za mitengo, za malo omanga nyumba ndi za kumvera machenjezo, akukonzera anthu manda ena. Ndikutsutsanso kwathunthu kuuza ofedwa kuti abale awo anafa chifukwa cha machimo, popeza wonenayo alibe njira yodziwira zimenezo ndipo akuwonjezera bala pa bala.

Mayi amene wataya ana atatu usiku umodzi safuna kumva za kutentha kwa nyanja. Funso lake ndi lakuti ana ake ali kuti, ndipo iye adzukirenji mawa. Sayansi ingafotokoze zimene zimachitika m'thupi mtima ukaima, koma za kuseri kwa imfa ilibe chida choonera, ndipo wasayansi woona mtima amavomereza zimenezi. Zipembedzo zimapereka chiyembekezo cha kuuka kwa akufa, cha chiweruzo cholungama kapena cha kukakhala ndi makolo, ndipo zimabweretsa anthu oti agone pasiwa, aimbe, aphike ndi kukumba manda. Chiyembekezo chimenechi sichingatsimikizidwe mu labotale, ndipo wokhulupirira achita bwino kuchitcha chikhulupiriro mosachita manyazi m'malo mochiveka umboni umene chilibe. Wosakhulupirira nayenso adziwe kuti kukana kwake sikunayezedwe. Mukapita kukapepesa maliro, fikani, khalani pansi, thandizani ntchito, ndipo mkangano wa sayansi ndi chipembedzo muusiye kunyumba.

Banja likagawanika pa wodwala

Pamene zonsezi zimavuta kwambiri ndi pamene wodwala ali m'chipatala, abale ena akufuna kumutulutsa kuti apite naye kumapemphero kapena kwa sing'anga, ena akukana. Musayambe ndi kunyoza chikhulupiriro cha amalume kapena azakhali, chifukwa mukatero adzaumirira pofuna kuteteza ulemu wawo, ndipo wovutika ndi wodwalayo. Itanani mwini mbumba ndi amene akumudikirira wodwala, ndipo mupite nawo kwa dokotala kapena namwino kuti amve okha dzina la matenda, chimene mankhwala akuchita, masiku amene kusintha kungayambe kuoneka, ndi chimene chingachitike mankhwala akadukizidwa. Funsani mafunso amenewa mosaopa, ndipo ngati yankho silinamveke pemphani kuti libwerezedwe m'Chichewa chomveka. Kenako pemphani kuti abusa, shehe kapena akulu a mpingo abwere kudzapemphera pa nthawi yoonera odwala, popeza zipatala zambiri zimalola zimenezi. Mankhwala azitsamba asaperekedwe mobisa, chifukwa ena amalimbana ndi mankhwala a kuchipatala kapena kuwononga chiwindi ndi impso, makamaka kwa ana ndi amayi oyembekezera. Ngati wodwalayo ndi wamkulu ndipo akuzindikira, mufunseni iye mwini chimene akufuna atamva zonse, ndipo ngati ndi mwana amene makolo akukana kuti athandizidwe, dziwitsani achipatala kapena a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma lanu tsiku lomwelo.